Munthu Amene Apolisi Sanampeze

Lero tiyeni tipite ndi mtima ku dziko la Kenya, kumene kuli mitundu ya anthu yoposa 40.

Kumeneko kunali mlembi wa nthano, Ngugi wa Thiong'o, amene anamwalira m'chaka cha 2025. Kwa zaka zambiri bamboyu analemba m'Chingerezi, nadzudzula atsogoleri amene analandira ufulu m'chaka cha 1963 koma naiwala osauka. Boma silinam'gwire. Nanga agogo a kumudzi akadawerenga bwanji? Koma m'chaka cha 1977 iye ndi mnzake analemba sewero m'Chigikuyu, ndipo alimi ndi antchito a ku Kamiriithu analisewera okha pabwalo. Apo mpamene akuluakulu anadzidzimuka. Seweroli linaletsedwa, ndipo pa 31 Disembala anam'tsekera ku ndende ya Kamiti popanda kuzenga mlandu. M'menemo anakhala pafupifupi chaka chathunthu, nalemba buku lake loyamba la nthano m'Chigikuyu pa mapepala a kuchimbudzi.

Tsono ena anati: kulemba m'chilankhulo cha mtundu umodzi ndiko kugawa dziko. Mawu amenewa sitiwapeputsa ayi. Chinua Achebe wa ku Nigeria anasankha Chingerezi kuti Aigbo, Ayoruba ndi Ahausa amumve pamodzi, ndipo anali ndi zifukwa zomveka. Komabe ife tikuona kuti chimene chinaopsa olamulira a ku Kenya sichinali kugawikana kwa mitundu, koma kuti mlimi wamva, nayamba kufunsa. Pajatu buku la m'ndende lija linamasuliridwa m'Chiswahili, ndipo a mitundu ina anapezamo madandaulo awo omwe. Umodzi umene umafuna kuti anthu atseke pakamwa, abale, ndi bata la kumanda.

M'chaka cha 1986, ali kale kunja kwa dziko lake, anatulutsa buku lotchedwa Matigari. Ndi nthano ya munthu amene atuluka m'nkhalango nkhondo ya ufulu itatha, nayendayenda kufunsa kumene angapeze choonadi ndi chilungamo. Anthu anam'kamba kwambiri, kotero kuti, monga anafotokozera mlembi mwini, apolisi a boma la Daniel arap Moi analamulidwa kukam'gwira Matigariyo. Atazindikira kuti ndi munthu wa m'buku chabe, m'chaka cha 1987 analowa m'masitolo nalanda mabukuwo.