Mabasi Achuluke, Koma Dandaulo Lathu Lizimvekanso

Inu ochokera ku Lunzu ndi ku Mpemba mukudziwa: m'mawa mtengo wina, madzulo wina, mvula ikangodontha wakweranso. Mwezi watha ndinachedwa ku intaviyu ku Limbe chifukwa minibasi inaima ola lathunthu pasiteji kudikira kudzaza. Ntchito ija ndinaiphonya.

Ndiye tikamapempha mabasi akuluakulu oyendera nthawi, tifunsenso kuti wokwera azikadandaula kuti. Kondakitala akakana kubweza chenje, kapena akatitsitsa panjira, timangong'ung'udza basi. Tikufuna tikiti m'manja, mtengo wolembedwa poonekera, komanso nambala ya foni yoti ukaimba, munthu ayankhe.

Loweruka lino tilembe kalata yopita kukhonsolo. Mubwere ndi cholembera, aliyense adzasayine.