Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale: Ulendo wa ku Monkey Bay

Komiti inandipempha kuti ndikambe za ulendo umene ife asanu ndi mmodzi a kalasi imodzi tinayenda kupita ku Monkey Bay, ndipo pamapeto pake ndili ndi pempho kwa inu.

Tinanyamuka ku Machinjiri Loweruka m'bandakucha pa minibasi yahayala. Tinadzera ku Zomba, tinaoloka Shire pa Liwonde, kenaka Ulongwe ndi Mangochi, ndipo tinafika dzuwa litakwera. Monkey Bay ndi tauni yaing'ono yokhala pakati pa mapiri ndi nyanja, koma ndi pamene pali doko la sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa Nyanja ya Malawi m'chaka cha 1951. Ifeyo sitinaipeze, popeza inali itanyamuka Lachisanu kulowera ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Nkhomaliro tinadya nsima ya chambo, ngakhale mtengo wake unatidabwitsa. Asodzi anatiuza kuti chambo chikusowa, ndipo pa mathandala tinaonapo usipa wokhawokha.

Masana tinapitirira ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Kumeneko tinaima pa manda a amishoni a Livingstonia. Iwowa, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika mu 1875 nayamba kuphunzitsa ana. Malungo atapha anzawo angapo anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe.

Amayi ndi abambo, zonsezi tinaziloweza m'kalasi ndipo tinakhoza nazo mayeso. Koma mwa ife asanu ndi mmodzi, atatu anali asanapondeko m'madzi a nyanjayi, chonsecho ndife anthu a zaka zopitirira 40, ena ogwira ntchito m'boma ngati ine. Mmodzi wa ife, amene ndi mphunzitsi wa mbiri yakale, anati waphunzitsa za manda amenewa zaka zambiri asanawaonepo. Nanga ana a ku Machinjiri, Ndirande kapena Bangwe, amene makolo awo amavutika ngakhale ndi fizi, adzaiona liti? Alendo amaononga ndalama zambiri kuchokera ku Ulaya kudzaona mbuna, pamene mwana wa m'dziko muno amangoiona pa chithunzi. Mwana wotere sitingayembekezere kuti adzasamale nyanja imene sakuidziwa.

Pempho langa ndi ili: chaka ndi chaka bungwe lathu lizilipira basi yoti itenge ophunzira a Fomu 3 a pasukulu yathu kupita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, limodzi ndi aphunzitsi awo a jogalafe ndi mbiri. Ulendowu ndi wotheka tsiku limodzi malinga mwalawirira. Mutu umodzi susenza denga, choncho ife asanu ndi mmodzi tagwirizana kuyamba kusonkha lero lomwe, ndipo a msungichuma ali ndi buku pakhomopo. Ndikupempha a Wapampando kuti nkhaniyi tiikambirane tisanabalalike.