KUSIYA KUSAMBA SI MATENDA, SI UFITI



Ine ndine mwana pakati panu. Ambiri a inu mukhoza kundibala. Pa mwambo wathu, nkhani ya lero ndi ya anamkungwi, si ya mtsikana wa msinkhu wanga. Conco ndiyambe ndi kupepesa. Koma nchito yanga ndi kuphunzitsa kuwerenga, ndipo kuwerenga sikuthera pa zilembo za pabolodi. Amene waphunzira ayenera kuwerenga pepala la kucipatala ndi bokosi la mankhwala. Abambo, musacoke. Nkhaniyi ili m'nyumba zanu.

Mayi wina wa m'kalasi mwathu wandilola kunena zimene zinamucitikira, koma dzina sindichula. Ali ndi zaka 48. Usiku ankadzuka thupi litatentha ngati wakhala pafupi ndi ng'anjo. Thukuta linkanyowetsa mphasa ngakhale m'nyengo yozizira. Kusamba kwake kunasokonezeka. Iye anati, "Ndalodzedwa." Anaganizira mlamu wake, ndipo awiriwo analeka kulankhulana. Pamsika anakumana ndi wamalonda amene anali ndi botolo. Wamalondayo anati, "Awa ndi mankhwala acilengedwe, ofanana ndi a m'thupi mwanu." Mayiyo anagulitsa mbuzi nagula botolo lija. Mbuzi inapita, thukuta silinathe. Pambuyo pake namwino anamufotokozera kuti thupi lake likungosintha. Panalibe mfiti.

Lero tiphunzire zinthu zimene zikanapulumutsa mbuzi ija ndi cibale cija.

M'THUPI MUMACITIKA CIANI?

Mkazi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kena kumanja kwa ciberekero, kena kumanzere. Timatumbati timapanga mahomoni. Mahomoni ndi amithenga a thupi. Amayenda m'magazi ndi kuuza ziwalo zoti zicite.

Mahomoni akulu a mkazi ndi awiri. Tiwerenge pamodzi maina ake monga amalembedwera pa mabokosi a mankhwala m'Cipwitikizi:

ES-TRA-DI-OL
PRO-GES-TE-RO-NA

Estradiol ili ngati mvula. Imameretsa khungu la mkati mwa ciberekero mwezi ndi mwezi. Imalimbitsanso mafupa ndi kufewetsa njira ya abambo. Progesterona ili ngati khasu. Imapalira, kuti zomera za m'ciberekero zisakule mopitirira. Mukumbukire mvula ndi khasu, cifukwa tibwereranso pamenepa.

Mkazi akamakula, mazira amacepa, mahomoni nawonso amacepa. Poyamba kusamba kumasokonezeka: mwezi uno kwabwera, miyezi iwiri osabwera, nthawi zina kwambiri, nthawi zina pang'ono. Nyengo imeneyi a cipatala amaicha perimenopausa, ndipo imatenga zaka zingapo. Ikapita miyezi 12 yathunthu osasamba, ndiye kuti mkazi wasiya. Imeneyo ndiyo menopausa. Akazi ambiri pa dziko lonse amasiya ali ndi zaka pakati pa 45 ndi 55. Amene wasiya asanakwanitse zaka 40 apite kucipatala, cifukwa mafupa ndi mtima wake zikufunabe mahomoni.

ZIZINDIKIRO

Thupi limatentha mwadzidzidzi kuyambira pacifuwa kukwera kunkhope, kwa mphindi zocepa. Usiku kumabwera thukuta, tulo timasowa. Mtima umagunda msanga. Munthu amapsa mtima pa kanthu kakang'ono, kapena amaiwalaiwala. Njira ya abambo imauma, ndipo kukhala malo amodzi ndi mwamuna kumapweteka. Mafupa amafooka pang'onopang'ono osamva kuwawa, mpaka tsiku lina munthu agwe ndi kuthyoka.

Akazi ena samva kanthu. Ena amavutika zaka 7 kapena kupitirira. Amene akuvutika si waulesi, ndipo sakunamizira.

Pali zinthu ziwiri zoti tikonze. Coyamba, pamene kusamba kukusokonezeka, mimba ikhoza kubwerabe. Mayi wopitirira zaka 50 apitirize kulera caka cimodzi kucokera pamene anasamba komaliza. Amene sanafike zaka 50 apitirize zaka ziwiri. Caciwiri, ena amati mayi amene wasiya kusamba akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, mimba imatupa ndipo amadwala. Zimenezi si zoona. Banja lipitirire ngati onse awiri akufuna. Koma kusiya kusamba sikuchinjiriza munthu ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Kondomu ikadali ndi nchito.

NTHAWI YOTHAMANGIRA KUCIPATALA

Tisanene kuti vuto lililonse ndi ukalamba. Thukuta la usiku limabweranso ndi malungo, HIV, ndi cifuwa cacikulu. Ngati mukutsokomola milungu iwiri, kapena mukuwonda, pitani mukayezedwe.

Ndipo mverani bwino apa, amayi. Ngati munasiya kusamba caka cathunthu, kenaka magazi abweranso, ngakhale kadontho, kumeneko si kusamba. Pitani kucipatala msanga. Citani comweco ngati magazi akutuluka mutakhala ndi abambo. Khansa ya khomo la ciberekero ndiyo khansa imene imagwira akazi ambiri kuposa ina iliyonse muno m'Moçambique. Ikapezeka msanga imacizika.

MANKHWALA OFANANA NDI A M'THUPI

Tsopano tibwere ku mawu a wamalonda uja. Kodi mankhwala ofanana ndi mahomoni a m'thupi alipodi? Alipo. M'Cipwitikizi amawacha hormonas bioidênticas. Tanthauzo lake ndi lakuti kapangidwe kake ndi kamodzimodzi ndi mahomoni amene timatumba ta mazira tinkapanga. Thupi limawalandira ngati ake.

Mbiri yake ndi iyi. M'caka ca 1942, ku America kunaloledwa mankhwala ochedwa Premarin, ocokera mu mkodzo wa akavalo aakazi a bere. Mankhwalawo amathandiza, koma mahomoni ena a m'menemo ndi a kavalo, si a munthu. M'zaka zomwezo katswiri wina, Russell Marker, anapeza njira yopangira progesterona kucokera ku zilazi zakuchire za ku Mexico, ndipo mu 1944 kampani yopanga mankhwalawo inayamba kumeneko. Lero estradiol ndi progesterona zimapangidwa m'mafakitale kucokera ku zilazi zoterozo ndi soya.

Wina afunsa: nanga tikadya zilazi zambiri? Ayi. Thupi la munthu silingathe kusandutsa cilazi kukhala progesterona. Nchito imeneyo imatheka kufakitale kokha. Thonje la m'munda si nsalu mpaka litadutsa pa makina.

Mankhwala enieniwa amabwera motere:

1. Estradiol ya mapiritsi, yakumwa tsiku ndi tsiku.
2. Estradiol ya kacigamba komata pakhungu. Kamasinthidwa kamodzi kapena kawiri pa mlungu.
3. Estradiol ya mafuta opaka pamkono kapena panchafu tsiku ndi tsiku.
4. Estradiol yocepa kwambiri yoika m'njira ya abambo, ya amene vuto lawo ndi kuuma kokha. Yocepa zedi ndiyo imalowa m'magazi.
5. Progesterona ya makapisozi, yomwa usiku, cifukwa imabweretsa tulo.

Tikumbuke mvula ndi khasu. Mayi amene ali ndi ciberekero akamwa, kumata, kapena kupaka estradiol pakhungu, ayenera kulandiranso progesterona. Mvula yopanda khasu imameretsa chire. Estradiol yokha imakulitsa khungu la m'ciberekero, ndipo pakapita nthawi likhoza kusanduka khansa. Mayi amene anacotsedwa ciberekero safunika progesterona.

UBWINO NDI KUOPSA KWAKE

Palibe mankhwala ena amene amathetsa kutentha kwa thupi ndi thukuta la usiku kuposa awa. Tulo timabwerera. Mafupa amatetezeka.

Koma ali ndi ngozi zake. Mu 2002, ku America anaimitsa kafukufuku wamkulu wochedwa Women's Health Initiative nthawi yake isanakwane. Munali akazi oposa 16,000. Theka la iwo linkamwa mahomoni a akavalo aja pamodzi ndi mankhwala ena otsanzira progesterona. Anapeza kuti pa akazi 10,000 omwa mankhwalawo, caka ciliconse odwala khansa ya m'mawere ankaonjezeka ndi 8 poyerekeza ndi osamwa. Ofa ziwalo ndi oundana magazi anaculukanso. Akazi ambiri anacita mantha nasiya mankhwala.

Pambuyo pake akatswiri anaonanso bwino. Akazi ambiri a m'kafukufukuyo anali aakulu kale. Powerengera onse pamodzi, msinkhu wawo unali zaka 63. Lero madokotala amati kwa mayi wathanzi amene akuvutika ndi zizindikiro, amene sanafike zaka 60, kapena amene sipanathe zaka 10 cisiyireni kusamba, ubwino umaposa ngozi. Anapezanso kuti kacigamba ndi mafuta opaka saundanitsa magazi monga mapiritsi, cifukwa sayamba adutsa m'ciwindi.

Mankhwalawa si a aliyense. Amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene magazi anamuundanapo m'mitsempha, amene anafapo ziwalo, amene akudwala ciwindi, ndi amene akutaya magazi osadziwika cifukwa cake, auze dokotala zonsezi, ndipo kawirikawiri sapatsidwa. Kufanana ndi a m'thupi sikucotsa ngozi. Moto wa pakhomo panu ndi wanu, koma umaocha. Ciweruzo cili ndi dokotala amene wakuyezani, ndipo amene wayamba kumwa amabwerera kukaonedwa caka ndi caka.

Ndinene zoona. Pa zipatala zazing'ono za kumudzi mankhwalawa sapezekapezeka. Amene wavutika kwambiri afotokozere namwino, ndipo ngati kuli kofunika apemphe kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu, monga ca ku Tete kapena ca ku Lichinga. Aliponso mankhwala ena opanda mahomoni amene dokotala angapereke.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Mawu akuti "acilengedwe" ndi "ofanana ndi a m'thupi" ndi okoma, ndipo ogulitsa amawadziwa. Ngakhale m'maiko olemera muli masitolo a mankhwala amene amasakaniza okha mahomoni, namati akonzera munthu aliyense muyeso wakewake atayeza malovu ake. Kuyeza malovu sikungauze munthu muyeso woyenera, cifukwa mahomoni amakwera ndi kutsika tsiku limodzi lomwelo. Mu 2020, bungwe la akatswiri a sayansi la dziko la America linaunika mankhwala osakaniza otere. Linapeza kuti umboni wakuti ndi othandiza ndi osaopsa ndi woperewera. Ngati zili tero m'sitolo ya mankhwala, nanga botolo la pamsika?

Apa ndi pamene kuwerenga kumakhala cida. Musanapereke ndalama, funani zinthu zisanu:

1. Dzina la mankhwala.
2. Nambala ya muyeso wake.
3. Dzina la kampani imene inapanga.
4. Tsiku lotha mphamvu. M'Cipwitikizi amalemba Validade.
5. Pepala la dokotala limene lili ndi dzina lanu.

Cimodzi cikasowa, ndalama ibwerere m'mpango. Botolo la mayi uja linalibe ngakhale cimodzi. Panthawiyo iye sankadziwa kuwerenga. Lero amawerenga.

ZIMENE TINGACITE PAKHOMO

Gonani pamalo popita mphepo, ndi madzi akumwa pafupi. Fundani nsalu zopepuka zimene mungacotse msanga. Kacasu, fodya, ndi tsabola wambiri zimaonjezera kutentha kwa thupi mwa akazi ambiri. Fodya amafooketsanso mafupa. Idyani usipa, matemba, ndi kapenta pamodzi ndi minga yake, ndiponso ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi nkhwani, pakuti zimalimbitsa mafupa. Kuyenda ndi kugwira nchito kumalimbitsanso mafupa.

Abambo, gawo lanu ndi ili. Mkazi wanu akasowa tulo, musamunyoze. Akati zikupweteka, mverani. Mperekezeni kucipatala. Iye analima nanu, anabala ana anu. Si nthawi yomusiya.

NCHITO YA M'KOPE

Amayi, tsegulani tsamba lomaliza la kope lanu. Lembani maina a miyezi 12 motsika. Mwezi umene mwasamba, lembani tsiku lake. Mwezi umene simunasambe, jambulani mzere. Usiku umene thukuta lakudzutsani, ikani kadontho. Popita kucipatala tengani kopelo. Namwino akafunsa kuti munasamba liti komaliza, simudzanena kuti "nthawi yokolola". Mudzatsegula kope ndi kuwerenga ndi pakamwa panu.

Mayi wa mbuzi uja ali nalo tsamba lotere. Lili ndi mizere 9. Mlamu wake, amene kale ankamuyesa mfiti, amakhala naye benci limodzi m'kalasi muno.

Safunsa anadya phula. Tifunse, tiwerenge, tiphunzitsane. Amene wamva lero akauze mnzake kudambo ndi pamtondo.

Umbuli ugwe!
Maphunziro a akulu apite patsogolo!



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pamapita miyezi ingati osasamba kuti tinene kuti mayi wasiya kusamba?
2. Mayi amene anasiya kusamba akaonanso magazi, acite ciani?
3. Cifukwa ciani mayi amene ali ndi ciberekero salandira estradiol yokha?
4. Chulani zinthu zisanu zimene tifune tisanagule mankhwala.
5. M'mudzi mwathu, mayi wa msinkhu umenewu timamuthandiza bwanji?