NYENYEZI ZOTHOTHOKA SI UFITI

Mau olankhulidwa kwa ophunzira a sukulu za kwacha a ku Chinsapo, Biwi ndi Kawale



Mwezi wathawu mayi wina wa m'kalasi mwathu anandifotokozera nkhani. Usiku wina, magetsi atazima, anthu a kwao anaona moto ukudutsa kumwamba, kenaka n'kuzima. Kutacha ena anayamba kunena kuti inali ndege ya ufiti. Analoza chala agogo ena amene amakhala okha. Tsopano agogowo akafika pa mjigo, anthu amawathaŵa. Mayiyo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi moto uja n'chiyani?" Lero ndabwera ndi yankho.

Tiyambe ndi nyenyezi ya mchira. Imeneyi si nyenyezi yeniyeni ai. Ndi chibulumwa chachikulu cha madzi oundana ngati matalala, chosakanizika ndi fumbi ndi timiyala. Chimayenda mozungulira dzuŵa. Chikayandikira dzuŵa chimatenthedwa, n'kuyamba kutulutsa mpweya ndi fumbi. Umenewo ndiwo mchira timauonawo.

Akuluakulu ena pano mukukumbuka nyenyezi ya mchira imene inaoneka mu 1986. Dzina lake ndi Halley. Analipo munthu wina wa ku England, Edmond Halley. Mu 1705 iye anaŵerengera zaka, nanena kuti nyenyeziyo idzabweranso cha mu 1758. Mwini wake anamwalira mu 1742, koma nyenyeziyo inabweradi. Imabwera pakapita zaka pafupifupi 76. Inaoneka mu 1910 ndi mu 1986, ndipo ana athu adzaiona mu 2061. Halley sanaombeze ula. Anagwiritsa ntchito masamu.

Nanga moto uja? Taganizani za lole yonyamula mchenga. Ikamadutsa, mchenga wina umatayika mu mseu. Nyenyezi ya mchira nayo imasiya fumbi ndi timiyala m'njira yake. Dziko lathuli limazungulira dzuŵa kamodzi pa chaka, ndipo limadutsa pa njira imeneyo. Pamenepo timiyalato timaloŵa mu mpweya wathu. Tambiri n'tating'ono ngati mchenga kapena njere ya mapira, koma liŵiro lake n'loopsa. Tochokera kwa Halley timathamanga makilomita 66 pa sekondi imodzi. Chifukwa cha liŵiro limeneli timatentha n'kupsa, tili makilomita pafupifupi 100 kumwamba, mtunda wonga wochokera ku Lilongwe kukafika ku Salima. Kuŵala kwake ndiko timati nyenyezi yathothoka. Nyenyezi zenizeni zili kutali kwambiri, sizigwa.

Nthaŵi zina kumagwa mwala waukulu umene sunathe kupsa. Zinachitika ku Machinga pa 22 Januwale 1981. Mwalawo unalemera makilogalamu 93, pafupifupi matumba aŵiri a chimanga. Unali mwala basi. Palibe anautuma.

Tsopano imvani za wailesi. Mukudziŵa kuti mau a FM sapita kutali. Amayenda molunjika, pamene dziko ndi lobulungira. Koma kamwala kakamapsa kumwamba, kamasiya mzere wa mpweya umene umabweza mau a wailesi, monga mmene galasi la mwana limabwezera kuŵala kwa dzuŵa m'nyumba. Mau ochokera kutali amagunda mzerewo n'kubwerera pansi, mwina pa mtunda wa makilomita 2,000. Mzerewo suchedwa kutha, kaŵirikaŵiri sekondi siikwana.

Alipo anthu okonda wailesi amene ali ndi makina otumizira mau kunyumba kwao. Sachita malonda, amangoikonda ntchitoyo. Kuno ku Malaŵi chilolezo chake chimachokera ku MACRA, ndipo chizindikiro chao chimayamba ndi 7Q. M'maiko ambiri anthu otere amadikira masiku a nyenyezi zothothoka. Amatumiza uthenga waufupi mobwerezabwereza, mpaka kamwala kamodzi kaubwezere kwa mnzao wa dziko lina. Amadziŵiratu tsiku lake chifukwa lili pa kalendala. Kodi ufiti umalembedwa pa kalendala?

Inunso mutha kudzionera nokha. Lembani m'kope mwanu: 5 ndi 6 Meyi. Chaka chilichonse pa masiku ameneŵa timadutsa m'fumbi la Halley. Dzukani tambala woyamba akalira, cha m'ma 4 koloko. Fundani chitenje kapena bulangete, pakuti kumazizira. Khalani pabwalo kutali ndi magetsi, muyang'ane kum'maŵa. Dikirani, musathamangire kukagona. Kukakhala kopanda mitambo ndi mwezi woŵala, mudzaziona zingapo. Muziŵerenge, mulembe nambala yake, mubwere nayo m'kalasi. Mukaphonya mu Meyi, yesaninso cha pa 21 Okutobala.

Mau anga otsiriza ndi aŵa. Lamulo la dziko lino, la chaka cha 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Wotero atha kuimbidwa mlandu. Koma ife tisadikire apolisi. Tinaphunzira kuŵerenga kuti tithandize kwathu. Mukamva wina akuloza chala nkhalamba chifukwa cha moto wakumwamba, tengani kabuku kano mumuŵerengere. Ndipo inu mayi munafunsa funso lija, maŵa mupite nawo agogo aja ku mjigo, muwatungire madzi anthu onse akuona.