Kodi Ndachita Zokwanira?

Kuwerenga kwathu: Aefeso 2:1-10 ndi Yakobo 2:14-26



Mwezi wathawu tinapita kukazonda amayi ena achikulire a mumpingo mwathu amene anali kudwala kwambiri. Amayiwa akhala mu Mothers' Union zaka zoposa 30. Aphika pamaliro osawerengeka, ndipo alera ana amasiye atatu. Titatha kupemphera, anatigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi ndachita zokwanira kuti Mulungu andilandire?"

Tisanayankhe, mwana wawo wamwamuna, amene amapemphera ku Reformed, anati, "Amayi, ntchito zilibe kanthu, khulupirirani chabe." Mkazi wake, Mkatolika, anati, "Iyayi, ntchito zanu zonse Mulungu anaziona, amayi." Aliyense ankafuna kuwatonthoza. Koma m'kachipinda kaja munali mutalowa mkangano umene watha zaka zoposa 500.

Funso la amayi aja ndi lomwe linkasowetsa tulo Martin Luther, wansembe wa ku Germany. Ankasala kudya, ankaulula machimo kawirikawiri, koma mtima sunkakhala pansi. Powerenga kalata ya Paulo kwa Aroma anaona kuti chilungamo chimene Mulungu amafuna, Mulungu yemweyo ndiye amachipereka mwa Khristu. M'masiku amenewo ankagulitsa makalata ochotsera anthu chilango cha machimo, ndipo zina mwa ndalamazo zinkamangira tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Mu October 1517, ku Wittenberg, Luther analemba mfundo 95 zotsutsa malondawo. Apa ndi pamene panayambira kugawikana.

Aprotestanti anaphunzitsa kuti munthu wochimwa amayesedwa wolungama chifukwa cha Khristu yekha, mwa chikhulupiriro chokha. Zili ngati woweruza kunena kuti mlandu watha chifukwa wina walipira. Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent mu 1547. Nawonso anavomereza kuti palibe amene angagule chisomo choyamba ndi ntchito zake. Koma anati Mulungu polungamitsa munthu amamusinthanso m'kati, munthuyo amagwirizana nacho chisomocho, ndipo zabwino zimene achita m'chisomo zili ndi mphotho.

Mbali iliyonse inali ndi chimene inkaopa. Aprotestanti ankaopa kuti tikaika ntchito patsogolo, ena adzadzikuza ndipo ena adzataya mtima. Akatolika ankaopa kuti tikati chikhulupiriro chokha, anthu adzapinda manja n'kumapitiriza kuchimwa. Ife amene takhalitsa mumpingo taona anthu a mitundu yonseyi, ndipo nthawi zina anthuwo takhala ife tomwe.

Ife Aanglikani tili ndi Mfundo 39 za chiphunzitso zimene zinakhazikitsidwa mu 1571. Ya nambala 11 imati timayesedwa olungama chifukwa cha zimene Khristu anachita, mwa chikhulupiriro. Ya nambala 12 imabwera pomwepo kunena kuti ntchito zabwino sizichotsa machimo, komabe zimakondweretsa Mulungu, ndipo zimatuluka m'chikhulupiriro chamoyo monga zipatso pamtengo. Chachikulu ndi kudziwa choyamba ndi chotsatira. Mukamangirira mango kunthambi za msuku, msukuwo susanduka mtengo wa mango. Koma mtengo wa mango umene chaka ndi chaka subala, mwini munda amayamba kuufunsa mafunso.

Ife tinagwira choko zaka zambiri tisanapume. Kusukulu mwana amakhoza ndi mamakisi ake, ndipo mphunzitsi saloledwa kuwonjezerapo chifukwa chomukonda. Koma mwana yemweyo akalephera mayeso a Giredi 7, amabwerera kunyumba, amayi ake amamuikira nsima monga mwa masiku onse. Akamatunga madzi kapena kuweta mbuzi sakugula umwana. Amatero chifukwa ndi mwana kale pakhomopo. Ambiri a ife timayesa Mulungu ngati woyang'anira mayeso, pamene Yesu anatiphunzitsa kumutchula Atate.

Paulo mu Aefeso 2 akuti chipulumutso ndi mphatso, kotero palibe chodzitamandira. Koma vesi 10 ikuti Mulungu anatikonzeratu zabwino zoti tizichita. Yakobo akulankhula kwa munthu wina, amene amauza wanjala kuti apite bwino osamupatsa kanthu. Timamudziwa munthu ameneyu. Amaimba mokweza pa Sabata, koma mbale wake akamwalira ndiye woyamba kunyamula mipando, malata ndi ng'ombe, kusiya mkazi wamasiye ndi ana pa mtetete. Mukamufunsa akuti anapulumutsidwa mwa chikhulupiriro. Yakobo akuti chikhulupiriro chotere ndi mtembo. Paulo ndi Yakobo sakulimbana. Wina akuchiza wodzikuza ndi wamantha, wina akudzutsa waulesi.

Mipingo nayo yaphunzira kumvetserana. Pa 31 October 1999, ku Augsburg, Akatolika ndi Alutheran anasaina chikalata chovomereza pamodzi kuti Mulungu amatilandira mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu Woyera amakonzanso mitima yathu n'kutituma ku ntchito zabwino. Amethodisti analowamo mu 2006. Mu April 2016, nthumwi za Aanglikani a dziko lonse lapansi, pa msonkhano wa Anglican Consultative Council muno mu Lusaka, zinalandira ndi kuvomereza mfundo za chikalatacho. Kusiyana kwina kudakalipo, monga pa nkhani ya purigatoriyo, ndipo sitikubisa. Koma pa funso la amayi aja, yankho lathu layandikana kwambiri. Ndipo amene munagonekedwapo pa chipatala cha St Francis ku Katete, chimene Aanglikani ndi Akatolika amayendetsa pamodzi, mukudziwa kuti potsuka bala safunsa za mpingo.

Tsono tinawayankha chiyani amayi aja? Tinati, "Amayi, simunachite zokwanira, ifenso sitinachite. Koma Yesu anachita zokwanira. Mbala ija ya pamtanda inalibe tsiku ngakhale limodzi lochitira zabwino, koma anailandira. Ndipo ana munalera aja, nsima munaphika pamaliro ija, sizinapite pachabe. Ndi zipatso zosonyeza kuti Ambuye anali nanu kuyambira kale." Anakhala chete kanthawi, kenaka anapempha mpongozi wawo kuti awatsamiritse bwino, n'kugona tulo.

Inu amene mwatopa ndi kuwerengera zabwino zanu, lekani kuwerengera, bwerani kwa Atate. Inu amene mumati ndinu okhulupirira koma muli ndi katundu wa amasiye m'nyumba mwanu, kabwezeni sabata lino.

Tipemphere. Atate wachifundo, mwatilandira tisanachite kanthu. Tichotsereni mantha ndi kudzikuza, ndipo mutipatse Mzimu wanu kuti manja athu aonetse zimene mitima yathu ikhulupirira. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.