UTSI WA MOTO WA M'TCHIRE NDI MAPAPO A ANA ATHU

(Mau amene mnzathu wina wogwira ntchito ya chipatala anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka)

A Wapampando, aphunzitsi athu olemekezeka, amai ndi abambo amene tinadyera limodzi nsima ya nyemba pa sukulu ino, ndapatsidwa mphindi zowerengeka, tsono ndingolowa m'nkhani.

Chaka ndi chaka, kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, tchire limayaka. Ena amatentha pofuna mbewa, ena posaka nyama, ena posusa m'munda. Mapiri a Mulanje ndi Zomba amayaka, nkhalango ya Chikangawa chimodzimodzi. Timadandaula za mitengo, ndipo nkoyenera kutero. Koma za utsi tili duu. Mapiri akabisika, dzuwa n'kumalowa litafiira ngati khala la moto, timangoti chilimwe chafika.

Phulusa limene limagwera pa zovala zoyanika silindidetsa nkhawa kwenikweni. Choopsa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha PM2.5. Kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, mungatindandike pafupifupi 30. Mphuno sizitha kutisefa. Timatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Tsono mwana amapuma kawirikawiri kuposa munthu wamkulu, njira zake za mpweya n'zopapatiza, ndipo mapapo ake akali kukula. Utsi umene inu bambo ungokuyabwani m'maso, kwa khanda ndi chifuwa, kwa mwana wa mphumu ndi usiku wosagona.

Tipite ku Indonesia pang'ono. M'chaka cha 1997 nkhalango za ku Sumatra ndi Kalimantan zinayaka miyezi ingapo. Pambuyo pake katswiri wina, Seema Jayachandran, anasanthula kalembera wa m'chaka cha 2000, napeza kuti ana pafupifupi 15,600 amene anayenera kukhalapo panalibe. Ambiri utsi unawapeza akali m'mimba mwa amai awo, ndipo madera osauka ndiwo anavutika koposa. Choncho mai woyembekezera asaime pafupi pamene mapesi akuyaka, ngakhale munda ndi wake.

Kuno kwathu nako tili ndi phunziro. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kunachitika kafukufuku wa ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2016. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, poganiza kuti chibayo chichepa pakati pa ana osafika zaka zisanu. Sichinachepe. Ine ndimamva motere: mwana sapumira m'khitchini mokha. Akatuluka panja akumana ndi utsi wa zinyalala, wa fodya, wa tchire.

Utsi ukachuluka, ana akhale m'nyumba, mazenera a mbali imene ukuchokera atsekedwe, ndipo mpira udikire. Wa mphumu mankhwala ake akhale pafupi. Kansalu konyowa kukamwa kamangotonthoza mtima wa kholo, tizidutswa tija timadutsa.

Chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi kuwerenga mapumidwe. Mwana akamatsokomola, dikirani akhale chete, osalira, muvundukule pamimba, muyang'ane wotchi kwa mphindi yathunthu. Khanda losafika miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, likupuma mothamanga. Kuyambira miyezi iwiri mpaka 11 malire ndi 50. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zisanu malire ndi 40. Mukaona zimenezi, kapena m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati pamene akukoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, musadikire kuti kuche. Pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo. Chibayo sichichedwa kutenga mwana.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa komiti yathu. M'masukulu ambiri ana amasesa masamba ndi mapepala a pulasitiki, n'kuwayatsa kuseri kwa makalasi, anzawo a Sitandade 1 ali m'kati mazenera ali pululu. Pa ndalama zimene tasonkha chaka chino, tipatuleko zogulira makasu ndi wilibala, tikumbe dzenje la manyowa kutali ndi makalasi, ndipo tilambule njira yotchinga moto kuzungulira nkhalango ya sukulu udzu usanaume. A Msungichuma, ndikhulupirira mwalemba.