Masomphenya Akatalika, Agaweni M'masabata

Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa ochita malonda ang'onoang'ono m'kampu ya Dzaleka kumayambiriro kwa chaka.

Ola limene mwakhala pano ndi ola limene simunagulitse kanthu, choncho ndiyesetsa kuti musabwerere chimanjamanja.

Andipempha kuti ndilankhule za masomphenya ndi ndondomeko ya chaka. Ndikudziwa kuti ena mukamva mawu amenewa mumaseka chamumtima. Mumati, munthu amene sangapite ngakhale ku Lilongwe popanda chilolezo angalembe bwanji za chaka chathunthu? Funsoli ndi lomveka. Kampu ino inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero tapitirira 50,000. Ogulitsa tomato ndi ambiri, ometa ndi ambiri, pamene ndalama za ogula n'zochepa. Ena mwa inu munali ndi mashopu m'matauni, ndipo mu 2023 munabwerera kuno kudzayambanso pansi. Sindikuuzani kuti zonsezi ndi zazing'ono. Chimene ndabweretsa ndi njira yogwirira ntchito mkati mwa zimenezi.

Tiyambe ndi pepala limodzi. Lembani mzere pakati. Kumanzere lembani zinthu zimene sizili m'manja mwanu: malamulo, mapepala anu, tsiku limene thandizo lidzafike ndi kuchuluka kwake, mtengo wa dola, mvula. Kumanja lembani zimene zili m'manja mwanu: nthawi imene mumatsegula, kumene mumapikula katundu, amene mumawakongoza, ndalama zimene mumatapa pa bizinesi tsiku lililonse, luso limene mungaphunzire chaka chino. Ambiri a ife tikamati cholinga changa n'chosatheka, timakhala tachimangirira ku zinthu za kumanzere. Timati ndidzayamba akadzasintha malamulo, ndidzayamba akadzandiitana. Ndondomeko ya chaka imalembedwa ndi zinthu za kumanja zokha.

Ndinenenso chinthu chimene timaopa kuchitchula pagulu. Ambiri tikudikira kusamutsidwira ku dziko lachitatu, ndipo palibe cholakwika kuyembekezera. Koma pa dziko lonse lapansi, mwa othawa kwawo 100 aliwonse, amene amasamutsidwa pa chaka safika ngakhale mmodzi. Muli ana amene anabadwira muno, lero ali ndi ana awoawo. Tsono munthu akandifunsa kuti, "Ndigulirenji makina ngati mwina ndichoka chaka chamawa?" ndimamuyankha kuti sankhani cholinga chimene chidzakuthandizeni mukakhala, ndiponso mukachoka. Luso la m'manja limakwera nanu ndege. Makina mutha kuwagulitsa kapena kusiyira mbale wanu. Chizolowezi cholemba kope la malonda chimagwira ntchito dziko lililonse. Zaka zimene mwangokhala n'kumadikira, zimenezo palibe amene adzakubwezereni.

Tsopano masomphenya. Awa ndi chithunzi cha kumene mukufuna kukafika patapita zaka zitatu kapena zisanu, ndipo asakhale ndi manyazi. Alembeni m'chiganizo chimodzi chimene mwana wanu angachimve. "Ndikufuna kukhala wolemera" sichikuuzani chochita mawa m'mawa. Koma mayi wosoka akalemba kuti, "Ndikufuna shopu yanga ya makina atatu, yosoka mayunifolomu a sukulu, yolemba ntchito atsikana awiri," wayamba kuona njira. Chiganizo chimenecho mukachimate pamene mumachiona podzuka.

Kuchokera pamenepo sankhani cholinga chimodzi cha chaka chino. Ndati chimodzi. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mpamba wathu ndi wochepa kale, ndiye tikaugawa pa nkhuku, pa kaunjika ndi pa saluni nthawi imodzi, zonse zimafa zili zazing'ono. Cholinga cha chaka chikhale ndi dzina, mtengo ndi tsiku.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kuti mayi uja akusoka pa makina a lendi, ndipo akufuna akeake pofika Disembala. Wapita kukafunsa, ndipo tingoyerekeza kuti amuuza K360,000. Akamva nambala imeneyo mtima umagwa, chifukwa sanagwirepo ndalama zotere nthawi imodzi. Koma chaka chili ndi masabata 52. Tichotsepo masabata 12 a matenda, maliro, mvula yosalekeza ndi malonda ozizira, chifukwa masabata otere amabwera chaka chilichonse, tifune tisafune. Atsala masabata 40. Tikagawa K360,000 ndi 40 tikupeza K9,000 pa sabata. Pa masiku 6 ogwira ntchito, imeneyo ndi K1,500 pa tsiku. Funso lasintha tsopano. Poyamba amafunsa kuti K360,000 ndiitenga kuti, pano akufunsa kuti K1,500 ya lero ichokera pati. Mwina ndi siketi imodzi yowonjezera. Mwina ndi kasitomala mmodzi amene sanakongozedwe. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Nanga masamu akakana? Tinene kuti phindu lonse la mayiyu pa tsiku ndi K2,000, ndipo ana ayenera kudya pomwepo. Ndiye kuti K1,500 siyingatheke, ndipo ndi bwino kuti pepala lamuuza zimenezi mu Januwale kusiyana n'kudzazindikira mu Disembala atatopa kale. Njira zilipo. Atha kutalikitsa nthawi kufika zaka ziwiri. Atha kufunafuna makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Atha kugwirizana ndi mnzake kugula amodzi n'kumasinthana maola, atalemberana pamaso pa mboni. Atha kulowa chipereganyu n'kupempha kuti alandire mwezi umene akufuna kugula. Masomphenya aja sanachepe, changotalika ndi ulendo.

Koma masamu onsewa amafuna kuti mudziwe phindu lanu lenileni, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwera. Ndalama zimene zili m'chitenje madzulo si phindu lonse. Muli mpamba wopikulira mawa, muli thiransipoti, muli makala, mafuta ophikira, lendi ya benchi. Gulani kope la sukulu. Tsiku lililonse lembani zinthu zinayi: zimene mwagula, zimene mwagulitsa, zimene mwakongoza, ndi zimene mwatenga za pakhomo. Mandasi amene mwana watola pa beseni alembedwenso. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa sukulu akulembereni, m'chinenero chilichonse chimene mumamva. Mukachita zimenezi masabata anayi osadumpha, kope lidzakuuzani zinthu zimene simumaziganizira: katundu amene amayenda kwambiri koma osasiya kanthu, ndi wina wooneka wonyozeka amene ndiye akudyetsa banja.

Pa za pakhomo, dziikireni malipiro. Nenani kuti tsiku lililonse nditenga zakutizakuti, ndipo zotsala ndi za bizinesi. Pa za ngongole, tonse tikudziwa kuti kuno kukana kukongoza mnansi n'kovuta, makamaka thandizo likachedwa. Sindikunena kuti muumitse mtima. Ikani malire: ngongole zonse zimene zili kunja zisapitirire ndalama zimene mwasankha, ndipo amene sanabweze yakale asatenge yatsopano. Mukauza anthu lamulo limeneli kumayambiriro kwa chaka, silikhala chipongwe pa tsiku lokana.

Kenaka tsegulani tsamba lina mulembe miyezi 12, chifukwa malonda a kuno ali ndi nyengo zake. Kuyambira Januwale mpaka Malichi chimanga chimakwera mtengo, anzathu a m'midzi yozungulira ndalama zawo zimakhala zathera ku munda, ndipo msika wa Lachiwiri umazizira. Imeneyo si nthawi yopikula katundu wambiri. Ndi nthawi yophunzira luso, yokonza zida ndi yotolera ngongole mwaulemu. Kuyambira Epulo alimi a ku Dowa amayamba kugulitsa fodya, soya, mtedza ndi chimanga, ndipo ndalama zimayenda. Amene ali ndi posungira pabwino amagula chimanga ndi nyemba nthawi imeneyi zikadali zotsika. Mu Juni ndi Julayi mukudziwa mmene mphepo ya kuno imalumira, choncho belo la majuzi ndi majekete lifike mu Epulo kapena Meyi, anzanu asanadzaze msika. Sukulu zimatsegulira mu Sepitembala, ndiye atelala ndi ogulitsa makope akonzeke mu Ogasiti. Mvula isanagwe anthu amafuna mapepala apulasitiki ofolera nyumba. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chimabweretsa alendo ochokera kunja kwa kampu chakumapeto kwa chaka, ndipo ophika, osoka ndi osema amene amapindula ndi aja anayamba kukonzekera miyezi iwiri m'mbuyo. Disembala ndi wa zovala ndi tsitsi. Amene muli ndi makasitomala achisilamu, kumbukirani kuti Ramadan imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndiye funsani tsiku lake muliike pa tsamba lanu. Mukaona miyezi yonse pamodzi, mudzadziwa masabata amene muyenera kusunga zoposa K9,000 ija kuti mukwirire masabata owonda.

Nanga zosungazo zikhale kuti? Osati m'thumba lomwe mumabwezera chenji. Ziikeni pamene dzanja silifika msanga: ku banki, pa foni, kapena ku banki m'khonde ya anthu amene mumawadziwa, yokhala ndi malamulo olembedwa. Katapila mumutalikire, chifukwa chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa phindu la bizinesi iliyonse imene ili m'chipinda chino. Kumbukiraninso kuti ndalama yongogona imachepa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasungira katundu wochokera kunja anapeza mtengo wawathawa. Choncho miyezi itatu iliyonse pitani mukafunsenso mtengo wa chinthu chimene mukufuna, muwerengenso. Ngati chingagulidwe m'zigawo, monga malata, matabwa kapena zipangizo za saluni, gulani chigawo chilichonse ndalama zake zikangokwana.

Ndalama zina pang'ono muziike padera za tsoka. Popanda zimenezi, malungo a mwana mmodzi amadya makina onse. Ngakhale K200 pa tsiku, m'chitini chake chosiyana, imateteza cholinga chanu.

Chomaliza, musayende nokha. Pezani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, wochita malonda ngati inu, muzionetsana makope kumapeto kwa Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala. Mafunso ake ndi atatu: ndinati ndisunga zingati, ndasunga zingati, ndisintha chiyani? Mukapeza kuti mwatsalira, musang'ambe pepala. Werengani masabata otsala, mugawenso. Ndondomeko imene yakonzedwa kanayi pa chaka ndiyo ikugwira ntchito.

Pali zambiri zimene ena amatisankhira pa moyo wa m'kampu, ndipo tipitiriza kuzilankhula m'malo oyenera. Koma tsamba la kumanja lija ndi lanu. Musanagone lero lembani chiganizo chimodzi cha masomphenya. Sabata ino pitani mukafunse mtengo weniweni wa chinthu chimodzi chimene mukufuna chaka chino, muugawe ndi 40. Lachiwiri likubwerali, potseka malonda, muike padera ndalama yoyamba, ngakhale ikhale yochepa bwanji, ndipo muilembe m'kope.

Amene mwabwera ndi makope anu kale, tsalani pang'ono tikatha pano kuti tiwerengere limodzi.